Mawati 300 a mu 1941 ndi mawati 300 a lero

Wailesi yoyamba ya boma m'dziko lino inayamba kulankhula mu 1941, muno mu Lusaka, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati. Ofesi yofalitsa nkhani ya boma la Northern Rhodesia inaimika transimita ya mawati 300 kuti anthu azimva za nkhondo, imene inali itatenga anyamata athu ambiri. Mawati 300. Nambala imeneyi ife a mawailesi a m'komboni timaidziwa bwino, chifukwa matransimita amene masiteshoni ang'ono-ang'ono amakwanitsa kugula lero ali pompo: mawati 100, 300, 500, yamphamvu ikafika 1,000. Munthu angaganize kuti pa zaka zoposa 80 sitinasunthe. Koma mawati aja ndi mawati a lero sayenda mofanana mu nthambo, ndipo kusiyana kwake kumaonekera pa kachitsulo kamene omvera athu sanakaonepo: konekita, kaja kolumikiza nthambo ku transimita pansi ndi ku eriyo pamwamba pa mlongoti.

Tigwirizane kaye pa mau awiri. Mawati ndi kuchuluka kwa mphamvu, monga timawerengera pa babu kapena pa ketulo. Frequency ndi liwiro limene magetsi akusinthira kolowera, kupita ndi kubwerera. Magetsi a Zesco a m'nyumba zathu amatero ka 50 pa sekondi. Mukaika wailesi pa 89.5 kuti mumve Phoenix, ndiye kuti mwasankha magetsi amene akupita ndi kubwerera ka 89.5 miliyoni pa sekondi imodzi. Ndilo tanthauzo la MHz. Mbiri ya wailesi mu Zambia, mukaiona ndi maso a munthu wogwira sipanala, ndi kukwera kwa nambala imeneyi: kuchoka pa 5 kapena 6 MHz, kufika pa 100, kenako 600, manje masauzande. Ndipo nthawi iliyonse imene tinakwera, konekita yomweyo inayamba kulephera mawati amene inkanyamula dzulo popanda vuto.

Nkhondo itatha, mkulu wa ofesi ija, Harry Franklin, anafuna kuti siteshoni ya Lusaka ikhale ya anthu akuda a maiko atatu, Northern Rhodesia, Nyasaland ndi Southern Rhodesia. Inatchedwa Central African Broadcasting Station. Chovuta chinali chakuti anthuwo analibe mawailesi. Franklin anazungulira makampani a ku Britain kwa zaka zitatu mpaka a Ever Ready anavomera, ndipo mu 1949 kunabwera wailesi yozungulira ngati sefuliya, yopakidwa penti ya buluu, imene inatchuka ndi dzina lakuti Saucepan Special. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire lake paundi imodzi ndi mashiling'i 5, ndipo linkakhala maola 300. Pa miyezi itatu yoyamba zinagulidwa 1,500, m'zaka zotsatira zinalowa m'dziko 50,000. Mu sefuliya imeneyi ndi mmene agogo athu anamvera mau ndi gitala ya a Alick Nkhata, amene dzina lawo lili pa msewu wodutsa pa Mass Media ndi Kalingalinga.

Sefuliya inali ya shortwave. Panalibe njira ina yofikira Lundazi, Mongu ndi Zomba kuchokera pa mlongoti umodzi wa ku Lusaka. Mafunde a shortwave amakwera kumwamba, n'kugunda mpweya wa kumtunda kwambiri, n'kukagwera kutali. Amene munakula ndi wailesi ya madala, ija ya manambala olembedwa pa galasi, mukumbukira 49 m ndi 60 m. Amenewo ndi mamita, kutalika kwa funde limodzi, ndipo mamita 49 ndi pafupi-fupi 6 MHz. Radio 1 ya ZNBC inakhala zaka zambiri pa 5915 kHz, m'dera lomwelo. Ndi pa shortwave pomwenso Radio Freedom ya ANC inkalankhulira kuchokera ku Lusaka kukafika ku Soweto, weni-weni wa ku Johannesburg, osati msika wathu. Pa frequency zotsika choncho, polumikizira sipankadetsa nkhawa kwambiri. Funde la mamita 49 silizindikira n'komwe kachitsulo ka masentimita atatu. Matransimita akulu a shortwave kawiri-kawiri ankatumiza mphamvu ku eriyo pa mawaya opanda chokuta, otambasulidwa pa mitengo ngati a magetsi, ndipo womvera kumudzi ankangoponya waya pa mtengo wa mango.

Nthambo imene timasewenzetsa ife, ya waya pakati, pulasitiki, kenako ukonde wa mkuwa wokuta kunja, ndi yakale kuposa wailesi. Oliver Heaviside anailembetsa ku Britain mu 1880, ndipo Lloyd Espenschied ndi Herman Affel, mainjiniya a matelefoni ku America, anaikonza mwamakono mu 1929. Imatchedwa coax. Ubwino wake ndi wakuti mphamvu imatsekeredwa mu mpata wa pakati pa waya wamkati ndi ukonde wakunja, siitayikira m'njira. Koma ili ndi khalidwe lake. Kunenepa kwa waya wamkati poyerekeza ndi mpatawo kumapereka nambala yotchedwa impedance, yowerengedwa mu ma ohm. Mainjiniya anapeza kuti coax ya mpweya pakati imanyamula mphamvu zochuluka ikakhala pa ma ohm 30, ndipo imataya zochepa ikakhala pa 77. Anakumana pakati, pa 50, ndipo ndi 50 yomweyo yalembedwa kumbuyo kwa transimita ya FM. A TV, amene amangolandira osatumiza mphamvu, anatsalira pa 75. Nchito ya konekita yabwino ndi kunamiza magetsi kuti nthambo sinaduke: 50 asanafike, 50 mkati mwake, 50 atadutsa.

Konekita yoyamba kutchuka inali ija yonenepa yomanga popotokola, PL-259, imene E. Clark Quackenbush wa kampani ya Amphenol anapanga m'zaka za m'ma 1930. Mpaka lero imagulitsidwa ndi dzina lakuti UHF, ndipo dzina limeneli lapusitsa anthu ambiri. Nthawi imeneyo chilichonse chopitirira 30 MHz ankachiona ngati chokwera modabwitsa. Lero UHF imayambira pa 300 MHz, pamene PL-259 yatha kale mpweya. Mkati mwake simuli ma ohm 50 enieni, ndipo ilibe chotchinga madzi. Kuno tinaizolowera pa mawailesi otumizira mauthenga a m'mamishoni, m'zipatala za kumudzi, a asilikali a nyama ndi a m'matiraki. Tisainamizire: pa nchito imeneyo ndi konekita yabwino, ndipo yopangidwa bwino imanyamula mawati 1,000 pa shortwave osadandaula.

Imene inasintha zinthu ndi nkhondo ija. Makina a radar ofufuzira ndege ankasewenza pa mazana ndi masauzande a MHz, ndipo PL-259 inalephera. M'zaka za m'ma 1940 Paul Neill wa ku Bell Labs anapanga ina yosunga ma ohm 50 kuyambira polowa mpaka potuluka, yokhala ndi karabala kotchinga madzi. Inatenga chilembo choyamba cha dzina lake, N, ndipo imasewenza mpaka 11,000 MHz. Mng'ono wake ndi BNC, ija yomanga pokhotetsa pang'ono chabe. Mapulasitiki awiri anathandizanso. Polyethylene inapezeka ku kampani ya ICI mu 1933, Teflon anaipeza Roy Plunkett wa ku DuPont mu 1938. Woyambayo amasungunuka pa madigiri pafupi-fupi 110, wachiwiriyo pa 327. Kaja koyera kamene mumaona mkati mwa konekita, kogwira pini kuti ikhale pakati, kakhoza kukhala ka mtundu uwu kapena uwo, ndipo ndi maso n'kovuta kusiyanitsa.

Manje tifike pa chimene chimachititsa kuti frequency idye mawati. Tengani transimita ya mawati 300 pa ma ohm 50. Masamu ake akuti mu nthambo mukuyenda ma volt 122 ndi ma amp 2.4. Ketulo ya mawati 2,000 imakoka ma amp pafupi-fupi 9 pa pulagi wamba, m'mawa uliwonse, popanda nkhani. Nanga bwanji kachitsulo konyamula ma amp osakwana atatu kamada bii ngati malasha?

Yankho analipeza kale m'zaka za m'ma 1880 Horace Lamb ndi Heaviside yemweyo. Magetsi osintha-sintha kolowera sakonda kuyenda mkati mwa waya. Amadzikankhira okha kunja, pakhungu, ndipo frequency ikakwera khungulo limapyapyala. M'mabuku amati skin effect. Pa 50 ya Zesco, khungu la mkuwa ndi lochindikala mamilimita 9, kutanthauza kuti pini yonse ya pulagi ikusewenza, mkati ndi kunja. Pa 6 MHz ya nthawi ya sefuliya, khungulo ndi ma micron 27. Micron ndi milimita imodzi yogawidwa ka 1,000, ndipo pepala la m'kope ndi ma micron pafupi-fupi 100. Pa 100 MHz ya FM yathu ndi ma micron 6.6, pepala lija kuling'amba m'kuchindikala kwake ka 15. Pa 600 MHz ya TV ndi osakwana 3. Pa Wi-Fi ya 2,400 MHz ndi 1.3 chabe. Zili ngati Lumumba Road ilipo yonse, yotakata, koma mabasi, matiraki ndi mawilibala onse akakamizidwa kudutsa m'mphepete mwa ngalande. Pothinana pamatentha.

Lamulo lake ndi losavuta kusunga m'mutu. Frequency ikakwera kanayi, khungu limachepa ndi theka, kutentha pa mawati omwewo kumawirikiza kawiri, ndiye mawati amene konekita ingapirire amatsika ndi theka. Ikakwera ka 100, amatsika ka 10. Opanga makonekita a N amalemba mawati pafupi-fupi 5,000 pa 20 MHz ndi 500 pa 2,000 MHz. Pakati apo, pa FM, masamu akupereka 2,200, ndipo pa TV ya 600 MHz akupereka 900. Kachitsulo ndi kamodzi-modzi, manambala anayi. Ndiye wogulitsa akakuuzani kuti iyi ndi ya mawati 1,000 osatchula frequency, wakuuzani mtengo wa thumba la unga osatchula makilo.

Khungu si mdani yekha. Pulasitiki wa mkati naye amagwedezeka ndi funde lililonse n'kumatentha, ndipo kwa iye frequency ikawirikiza kawiri, kutaya kumawirikiza kawiri. Teflon amapirira, pulasitiki wotchipa amafewa, pini n'kupendekera kumbali. Palinso denga lina limene siliyendera kutentha: ma volt akachuluka, moto umalumpha mpata pakati pa pini ndi chitsulo chakunja. Kwa N malire ake ali cha pa ma volt 1,000. Pa frequency zotsika, denga limeneli ndi limene munthu amayamba kugunda. Pa FM ndi kumtunda, kutentha kumafika poyamba.

Zinthu zingapo zimene zimaoneka zodabwitsa zimamveka mukadziwa za khungu. Nthambo yoyera ya dishi, mukaikhudzitsa maginito, nthawi zambiri imamata, chifukwa waya wake wapakati ndi chitsulo chokutidwa ndi mkuwa. Si kuba, signal imayenda pa mkuwa wa kunjawo. Nthambo zazikulu za pa milongoti zimakhala ndi paipi ya mphako pakati, chifukwa mkuwa wa mkati ukanangolemera osanyamula kanthu. Ndipo pa konekita, chofunika kuposa kulemera kwake ndi chimene anapaka pamwamba. Siliva ndi wabwino kwambiri, ngakhale amada ndi kuoneka wakale. Nickel amanyezimira bwino pa shelefu, koma ndi chitsulo cha maginito ndipo chimafinya khungu koposa. Amene amasankha ndi maso amatenga yonyezimira. Ife a dziko la mkuwa, amene ZAMEFA ya ku Luanshya imatipangira nthambo za magetsi kuchokera ku mkuwa wathu, makonekita amene timamanga pa milongoti onse ndi ochokera kunja, ndipo mtengo wake umavina ndi dola.

Mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, zonsezi zinali nkhani ya mainjiniya ochepa a boma. Siteshoni ya Franklin inasintha maina kangapo, Federal Broadcasting Corporation mu 1958, Zambia Broadcasting Services mu 1966, ZNBC pa lamulo la mu 1987, koma matransimita anakhalabe m'manja amodzi. Chisankho cha mu 1991 chitadutsa, boma la a Chiluba linatsegula mlengalenga. Radio Christian Voice inayamba mu 1994, Radio Phoenix ya Errol Hickey mu 1996. Kenako anabwera a Katolika ndi Icengelo ku Kopala, Yatsani kuno ku Lusaka ndi Radio Maria ku Chipata. Kunabwera Chikaya ku Lundazi, Breeze FM ya a Mike Daka mu 2002, ya ophunzira ku Evelyn Hone ndi ku UNZA, ndi Komboni Radio imene dzina lake likunena za ife. Lamulo la IBA linalembedwa mu 2002 koma bungwelo linayamba nchito mu 2013. IBA imapereka laisensi youlutsira, ZICTA imapereka frequency.

Pafupi-fupi onsewa analowa pa FM, pakati pa 87.5 ndi 108 MHz. Kuchoka pa 6 kufika pa 100 ndi kukwera ka 16, ndiye khungu linachepa kanayi. Funde la FM ndi la mamita atatu, siligunda kumwamba n'kubwerera, limapita kumene eriyo ikuona. Choncho eriyo iyenera kukwera, pa mlongoti, pa tanki ya madzi, pamwamba pa nyumba zazitali za mu Cairo Road. Eriyo ikakwera nthambo imatalika, ndipo konekita imodzi kapena ziwiri zimatsala panja, pa dzuwa ndi mvula, pamene palibe amene amafikapo chaka chonse. Nthawi yomweyo transimita inachoka m'manja mwa mainjiniya a boma n'kulowa m'manja mwa ansembe, aphunzitsi ndi ife odzipereka. Maphunziro amene timaitanidwa amakamba za kalankhulidwe, za kulemba nkhani, za malamulo a chisankho. Zonsezo n'zofunika. Koma ndi kawiri-kawiri kuona bajeti yolemba mixer, maikolofoni ndi mipando, pa nthambo n'kungoti zina ndi zina.

Zina ndi zinazo zili ndi mtengo wake. Nthambo yopyapyala ya RG-58, pa 100 MHz, imadya theka la mawati pa mamita 20 okha. RG-213, yonenepa ngati chala, imadya oposa gawo limodzi mwa magawo atatu pa mamita 30. Ya theka la inchi, ya mkuwa wa mizere-mizere, imadya pafupi-fupi 14 pa 100 alionse pa mtunda womwewo. Mawati odyedwawo sasowa, amasanduka kutentha, ndipo mbali ina ya kutenthako imatsikira pa konekita.

Manambala a m'mabuku a opanga aja ndi a konekita yatsopano, yoyera, m'chipinda chozizira bwino, kufupi ndi nyanja. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupi-fupi 1,300. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, suchotsa kutentha msanga ndiponso moto umaulumpha mosavuta, n'chifukwa chake opangawo amati mawati achepetsedwe pamalo okwera. Onjezani Okutobala, madigiri opitirira 30 pa mthunzi, chitsulo chili pa dzuwa pamwamba pa malata. Onjezani fumbi la mphepo ya mu Ogasiti, limene kuno ku Marapodi, komboni yotchedwa dzina la mtaliyana wa njerwa ndi laimu, silifuna kufotokoza. Kenako Novembala, mvula yoyamba. Dontho limodzi likalowa, mkuwa umachita dzimbiri lobiriwira, ndipo dzimbiri limamera pakhungu, pomwe paja pali msewu wonse. Pakatentha, timano togwira pini timafooka. Tikafooka sitigwira bwino, ndipo posagwira bwino pamatentha koposa. Masana chitsulo chimafutukuka, usiku chimabwerera, tsiku lililonse chikumasuka pang'ono.

Pamwamba pa izi pali mphamvu yobwerera. Eriyo ikakhala yosachunidwa bwino pa frequency yanu, kapena konekita ikasokoneza 50 uja, mbali ya mphamvu imagunda n'kubwerera ku transimita. Ndi nambala ija ya SWR pa kagalasi ka kutsogolo. Pa 1.5 ikubwerera 4 pa 100, pa 2 ikubwerera 11, pa 3 ikubwerera 25. Yopita ndi yobwerera zikakumana zimaunjikana malo ena, motalikirana mita imodzi ndi pang'ono pa FM, ndipo muluwo ukagwera pa konekita, pa SWR ya 2 malire ake akhoza kutsika mpaka theka. Chotsani apa, chotsani apo, 2,200 ya pa pepala yatha. N'chifukwa chake opanga matransimita a FM amaika N pa a mawati mazana ochepa, koma akafika cha pa 1,000 amasintha n'kuika yaikulu. Ndipo PL-259 yotchipa ya pa kantemba, ya pulasitiki wosadziwika, kuiika panja pa mawati 300 a FM ndi kubwereka kaloba.

Choipa cha konekita n'chakuti siifa mwadzidzidzi kuti anthu aone. Imadwala mwakachetechete. Aku Chaisa ndi Mandevu akumvabe bwino, koma aku Chazanga ndi Kabanana ayamba kutuma mauthenga kuti mukumveka mwa phokoso. Mu situdiyo zonse zili bwino, magetsi obiriwira akuyaka. Chimene aliyense amaganiza poyamba ndi kuonjezera mawati, kumene kuli kuthira malasha pa mbaula yoboola kale. Transimita yanzeru imadzichepetsa yokha ikaona SWR ikukwera. Yotchipa imapirira mpaka transistor yake yaikulu itapsa, ndipo pamenepo siteshoni imakhala chete masabata, kudikira kachipangizo kochokera kunja ndi ndalama zimene palibe. Wa bizinesi amene analipira malonda amafuna zake. Uthenga wa maliro, wa mwana wosowa, wa odwala ofuna magazi, umapita kwina kapena supita. Kolera itabuka mu Lusaka mu Okutobala 2017, ndi pamene inabweranso mu 2023 ndi 2024, uthenga wa klorini ndi wa kumene kuli chithandizo unafika m'nyumba zambiri pa FM ya mu kafoni kakang'ono, imene siifuna bundle. Zinthu zotere zimadalira kachitsulo kotchipa kuposa maikolofoni imodzi. Kukaona ngati kali bwino sikufuna digiri: kuzimitsa transimita patatha ola ikusewenza, kugwira konekita ndi dzanja, kulemba SWR m'kope tsiku lililonse. Kuzimitsa kaye, chifukwa moto wa wailesi umaotcha mnofu mpaka mkati.

Wina angafunse, bwanji osangopanga zonse zazikulu? Pa FM ndi zimene timachita. Pini ya N ndi mamilimita atatu. Yotsatira, 7/16 ya muyezo wa ku Germany, dzina lake ndi muyezo wake: pini ya mamilimita 7 mu paipi ya mamilimita 16. Pini yonenepa ili ndi khungu lalikulu, msewu wotakata. Kumtunda kwake kuli zomanga ndi mabauti, za mainchi 7/8, 1-5/8 ndi 3-1/8, zimene mungapeze pa matransimita a mawati masauzande. Koma kukula kuli ndi malire ena. Kuzungulira kwa mpata wa mkati kukayandikira kutalika kwa funde, mphamvu imasiya kuyenda molunjika n'kuyamba kuzungulira chopingasa, ndipo konekita yasiya kukhala konekita. N'chifukwa chake 7/16 imathera cha pa 7,500 MHz, N pa 11,000, pamene SMA, kaja kakang'ono kagolide konga ka kumbuyo kwa rauta ya intaneti, kamafika 18,000 koma ndi mawati ochepa. Mawati akufuna chachikulu, frequency ikufuna chaching'ono, ndipo mainjiniya akhala akukambirana ndi awiriwa kuyambira nthawi ya Neill.

TV inatikweza sitepe ina. Inayamba ku Kitwe mu 1961. Maiko anagwirizana kuti pofika 17 Juni 2015 akhale atasamukira ku digito, ife tinachedwako, ndipo madikoda a TopStar anadzaza m'makomboni mu 2017. TV ya digito imaulutsidwa pakati pa 470 ndi 694 MHz. Yang'anani pa malata a Marapodi, Matero kapena Chawama: eriyo pa nsungwi, dishi yomangidwa ndi mwala, ndipo ponse-ponse kakonekita kamodzi, F, kamene Eric Winston wa kampani ya Jerrold anapanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Ndi kotchipa moti kalibe ndi pini yomwe, waya wa nthambo ndiye pini. Dishi imalandira pa 11,000 kapena 12,000 MHz, zimene nthambo wamba singanyamule, ndiye kamutu ka kutsogolo kwa dishi, LNB, kamayamba katsitsa kufika pakati pa 950 ndi 2,150. Ngakhale pamenepo F siipsa, chifukwa mphamvu yolandira ndi kadontho kosafika ngakhale gawo limodzi mwa 1,000 la wati. Chiyeso chimabwera pamene siteshoni yasowa nthambo, ndipo ya dishi ili pa shopu iliyonse pa mtengo wa mita wosaopsa. Ndi ya ma ohm 75. Kungoilumikiza pa transimita ya 50, SWR yayambira pa 1.5 eriyo isanalakwe chilichonse, ndipo pulasitiki wake wa thovu sanapangidwire kutentha.

Amene anagunda khoma limeneli mwamphamvu ndi a mafoni, pa 900, 1,800 ndi 2,100 MHz. Milongoti yoyamba inali ngati yathu: makina m'kanyumba pansi, mitolo ya nthambo zakuda zonenepa kukwera mamita 30 kapena 40, makonekita a 7/16 kumapeto. Pa frequency zimenezo mbali yaikulu ya mawati inkathera m'njira. Sanapeze mkuwa wabwino kuposa mkuwa, anangofupikitsa ulendo. Imani pansi pa mlongoti wa foni wa pafupi ndi kwanu muyang'ane kumbuyo kwa zikwangwani zoyera zija. Mabokosi amene apachikidwa pamenepo ndiwo matransimita. Chokwera kuchoka pansi manje ndi fibre ndi nthambo ya magetsi, coax yatsala ya mita imodzi kapena iwiri, ndipo pa milongoti yatsopano 7/16 ikulowedwa m'malo ndi yocheperako yotchedwa 4.3-10. Pa zipangizo zambiri za 5G, imene MTN inayambitsa mu Zambia mu Novembala 2022, transimita ndi eriyo zili m'bokosi limodzi, ndipo konekita ya panja yonyamula mawati palibenso.

FM siinapite kumeneko. Transimita yathu ikadali pansi, m'kachipinda ka fani pafupi ndi situdiyo, pamene tingaifikire malaiti akapita ndi kubwera, eriyo ili mamita 30 kumwamba, ndipo pakati pake pali N ziwiri kapena zitatu zokulungidwa ndi tepi ya rabala, imene dzuwa la kuno limaumitsa mvula yachitatu isanafike.